Mchere Ulibe Fungo

Kwa miyezi isanu ndinkabisa nyama m'thumba la epuloni, ndipo palibe amene anandigwira.

Zinkachitika Loweruka lililonse m'mawa, m'kachipinda ka kuseri kwa butchala yathu, momwe timapangira soseji. Bambo ankagaya nyama, n'kuikhuthulira m'beseni lalikulu lachitsulo, n'kuyamba kuwaza zokometsera: mchere, tsabola, adyo, ndi zina ziwiri zimene mayina ake sanauzepo munthu. Sikelo sankaikhudza n'komwe. Ankati sikelo ndi ya kasitomala, mwini ntchito amayeza ndi chikhatho. Akakanya mpaka nyama itayamba kumata m'zala, ankatapa kachidutswa, n'kukakazinga m'kachiwaya, n'kundipatsa kali pa nsonga ya mpeni.

"Kalilime, yamba ndiwe."

Dzina limeneli linayamba ndili mwana, chifukwa ndinkanyambita chilichonse. Koma zaka ziwiri zapitazo linasanduka ntchito. Bambo anadwala chimfine chachikulu chotentha thupi, n'kugona masabata awiri. Atadzuka zonse zinabwerera: mphamvu, mawu, ukali. Chimene sichinabwerere ndi kumva kukoma ndi fungo la zinthu. Ndinazindikira tsiku limene anamwa kapu yonse ya mkaka wowonongeka, n'kuuyamikira. Atandiona nkhope anaika kapuyo pansi, n'kutseka chitseko.

"Wopanga soseji wopanda lilime ndi telala wakhungu," anatero. "Mchimwene wako akangomva, andikhazika pakhonde ndi bulangete pamiyendo. Lumbira, mwana wanga."

Ndinalumbira. Ndipo poti chitseko cha kachipindako sichikhala chotseka pa nthawi ya ntchito, makasitomala amasuzumira, tinapangana zizindikiro. Ndikagwira khutu, mchere wachepa. Ndikakanda khosi, wachuluka. Ndikapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja, zonse zili bwino. Kenako Bambo ankalawa chawo, n'kutseka maso ngati ali m'pemphero, n'kulengeza mokweza zimene ine ndawauza mwakachetechete.

Chimenecho chinali chinsinsi cha Bambo. Changa chinabwera pambuyo pake.

Mutu unayamba kundipweteka m'mawa uliwonse, kuno kunkhongo. Kuchipatala namwino anandimanga chopimira pamkono, n'kupima, n'kusintha mkono, n'kupimanso.

"Uli ndi zaka zingati, mtsikana iwe?"

"Makumi awiri ndi zinayi."

"Bipi iyi ndi ya agogo. Amayi ako alipo?"

Amayi anagwera kuseri kwa kauntala akukulunga nyama ya kasitomala, ine ndili kusukulu. Sanadzukenso. Nditamuuza, namwinoyo anasiya kulemba. Anati ndichepetse mchere ndi nyama zamafuta, ndiziyenda tsiku lililonse, ndibwerenso pakatha mwezi. Sananene kuti ndisiyiretu. Zosiyiratuzo ndinaziyamba ndekha, ndipo ndisaname, tsidya la msewu kunali munthu.

Msewu wonse unkamutcha Kabichi. Ankagulitsa masamba ndi zipatso moyang'anizana ndi khomo lathu, mnyamata wamtali, wolankhula mosathamanga, wa kachipsera pansidze. Anali atatha zaka zisanu ndi ziwiri osadya chilichonse chochokera ku nyama: kaya nyama yeniyeniyo, nsomba, mazira, mkaka, ngakhale uchi. Bambo ankati tsiku lina tidzampeza atamera masamba m'makutu. Tsiku lochokera kuchipatala ndinaima pa benchi yake kuti ndigule tomato, ndipo m'malo mofunsa mtengo ndinangoyamba kulira. Iye sanafunse zambiri. Anandikulungira tomatoyo m'pepala. Kunyumba nditalitambasula ndinapeza mkati mwalembedwa ndi pensulo kaphikidwe ka mphodza ndi mandimu, kopanda mchere wambiri.

Kuyambira pamenepo chilichonse chogula kwa iye chinkabwera ndi pepala. Ndinkawasunga m'chitini cha tiyi pansi pa bedi. Ankandilembera za nyemba, soya, mtedza, bowa, mbatata. Analemba katatu konse, n'kudula mzere pansi, kuti ndikafunse namwino za kapiritsi ka vitamini amene masamba sapereka, "kuopa kuti ungafooke ngati nkhuku yonyowa, anthu n'kumati ndakulodza ndine." Nthawi zina kumunsi kwa pepala kunkakhala mzere wosakhudza mphika. Lero wavala ndolo. Kapena: Unaseka chiyani masana aja?

Ndinasiya nyama, kenako mazira, kenako mkaka wa mu tiyi. Ndinayamba kupita kuntchito wapansi, kuzungulira bwalo la mpira. Mutu unasiya kupweteka. Namwino anapima kamodzi kokha, n'kumwetulira. Ndipo dziko linayamba kukoma modabwitsa. Karoti ankatsekemera ngati wathiridwa shuga. Buledi wa m'sitolo ankandiluma lilime ndi mchere umene kale sindinkaumva. Ine, m'kupusa kwanga, ndinadziwa chifukwa chake: chinali chikondi. Ndinkaganiza kuti munthu akakonda, mtima ndi umene umayamba kulawa.

Kunyumba kubisa sikunali kovuta. Wophika ndinali ine. Bambo ankadya akumvera wailesi, ine ndinkati ndakhutira kukhitchini. Chovuta chinali Loweruka. Kuwauza Bambo kuti lilime lawo lokhalo lasiya nyama kunali ngati kuwalanda ndodo ali pakati pa msewu. Choncho ndinaphunzira kuba mobweza. Ndinkalandira kachidutswako, kukafikitsa pamilomo, kutembenukira kuzenera ngati ndikuganiza, n'kukagwetsera m'thumba, kwinaku ndikutafuna mpweya. Mphuno inkandiuza za adyo ndi tsabola. Zotsalazo ndinkangokhulupirira dzanja la Bambo, n'kupukuta pakamwa.

Koma mchere ulibe fungo.

Loweruka lina foni inalira Bambo ali pakati pa kuwaza. Anapita kukayankha, anakangana ndi wobweretsa nyama, n'kubwera ali wuwuwu. Anawazanso mchere umene anali atawaza kale. Ine sindinaone. Maso anga anali tsidya, pomwe Kabichi ankapanga phiri la malalanje. Ndinalandira kachidutswa, ndinakagwetsera m'thumba, ndinapukuta pakamwa. Bambo anatseka maso n'kulengeza kuti lero ndiye lero.

Lolemba m'mawa mayi wa lesitilanti ya pakona analowa atanyamula thireyi yonse, n'kuimenyetsa pa kauntala.

"Bambo inu, zaka khumi ndikugula kuno. Tinakulakwirani chiyani? Mukufuna kutiumika amoyo? Makasitomala anga amaliza madzi onse a mumpopi!"

Ena anabwera pambuyo pake, ena anangosiya kubwera. Lachitatu nkhani inafika kwa achimwene.

Achimwene ndi woyamba kubadwa, amayang'anira sitolo yaikulu mbali ina ya tauni. Bambo amawatcha Mapepala, chifukwa sakhulupirira chinthu chisanalembedwe. Si munthu woipa. Kungoti kuyambira pa maliro a Amayi ankaopa foni iliyonse yochokera kubutchala, ndipo mankhwala awo a manthawo anali amodzi: Bambo apume, tigule zokometsera zosakaniza kale za m'mapaketi, tilembe munthu ntchito. Anafika Lachinayi masana, taye ili pakhosi, n'kuima pakati pa firiji ndi chigayo.

"Bambo, ukalamba si mlandu."

"Ndani wakalamba? Iweyo ndi amene wayamba dazi."

"Zaka makumi atatu simunalakwitsepo. Lero mwathira mchere kawiri, mwalawa, mwati zili bwino. Mawa mudzaiwala dzanja m'chigayo."

"Dzanja langa, chigayo changa."

"Chabwino. Loweruka ndibwera. Mukanye monga mwa nthawi zonse, mulawe, munene. Kenako ndilawe ine. Mawu anu akagwirizana ndi nyama, sindidzatchulanso mapaketi. Akasiyana, makiyi mundipatsa."

Bambo anaseka, n'kugwirana nawo chanza. Achimwene atatuluka, kusekako kunazima ngati nyale. Anakhala pa kampando, manja ali lende pakati pa mawondo.

"Kalilime, tsiku lija chinachitika n'chiyani? Unali ndi chimfine?"

Khomo lonenera zoona linali lotsegula. Ndinaliyang'ana, n'kulidutsa.

"Eya, Bambo. Mphuno zinatseka."

"Ukanandiuza, amayi." Anandisisita pamutu ndi dzanja lonunkhira adyo. "Loweruka ukhale bwino. Ine ndilibe wina."

Ndinkadziwa chimene pakhonde pangawachite. Amayi atamwalira, Bambo anakhala mwezi osameta, osalankhula. Chinawaimiritsa ndi beseni lija. Kuwachotsa pamenepo kunali kuwaika m'manda pang'onopang'ono.

Lachisanu masana ndinawoloka msewu ndi chitini changa cha chakudya. Ndinkadyera kuseri kwa makireti a Kabichi, pomwe maso a kubutchala safika. Tsiku limenelo chitini sindinachitsegule.

"Mawa ndilawa nyama," ndinatero.

Anasiya kusenda nzimbe. "Wakukakamiza ndani?"

"Palibe. Kachidutswa kamodzi basi. Sindingakuuze chifukwa chake. Nkhaniyi si yanga ndekha."

"Pakamwa m'pako, sindine wapolisi wa m'mbale za anthu." Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Koma iwe, mapanga awiri avumbwitsa. Miyezi isanu ukudya ngati wakuba. Bwanji osangowauza akuluwo? Akupha?"

"Sangandiphe. Angosweka."

"Ndiye ukufuna uziwanyamula ngati dzira mpaka liti?"

Anathyola karoti pakati, n'kundipatsa theka. Anali wotsekemera kwambiri moti misozi inalengeza. Pochoka anandikulungira anyezi awiri amene sindinapemphe. Pepala lake linalibe kaphikidwe. Linangoti: Ndikhala ndili pano, benchi siyenda.

Loweruka kunacha kwa mitambo. Achimwene anatipeza titatsuka kale chigayo. Anavula jekete, n'kuipachika pa ngowe ya nyama, n'kutsamira chitseko atapinda manja. Anali atachitseka. Kachipindako kanachepa.

Bambo anagaya nyama mosafulumira. Ndinakazula foni pakhoma popanda wondituma. Nditabwera ndinakhomera maso pa dzanja lawo. Linalowa m'chitini cha mchere, linatuluka, linawaza. Kamodzi, kawiri, katatu ndi theka. Kodi masiku onse amathira kangati? Zaka zonsezi ndinali ndisanawerengepo. Ntchito yanga inkayambira pa chiwaya.

"Osalembako pena pake?" anafunsa achimwene.

"Iwe pobadwa tinalembapo pena pake? Koma taona unatuluka bwinobwino, kupatula mutuwo."

Palibe anaseka. Bambo anakanya, mitsempha ili tololo m'mikono, thukuta likutsikira m'ndevu. Kachiwaya kanayamba kulira. Fungo la mafuta linadzaza chipinda. Bambo anadula kachidutswa kokazingako patatu.

"Kalilime, yamba ndiwe."

"Mayeso ndi anu, Bambo, si a mwanayu," anatero achimwene.

"Chipinda chino wamng'ono ndiye amayamba. Ngati lamuloli silinalembedwe m'mapepala ako, lilembe."

Achimwene anakweza mapewa. Mpeni unabwera kwa ine. Pa nsonga pake kanyamako kankatuluka nthunzi. Ndinaganiza za miyezi isanu, za chitini cha tiyi pansi pa bedi, za namwino akumwetulira. Ndinaganiza za bulangete pamiyendo ya Bambo. Sindinatembenukire kuzenera. Ndinatsegula pakamwa, n'kuika.

Mchere unandimenya ngati mbama.

Unali paliponse, palilime, kunkhama, kummero, woluma ngati madzi a m'nyanja yamchere. Athiranso wambiri! Mulungu wanga, dzanja lawo lawonongekadi. Koma bola ndadziwa. Akanena okha kuti wachuluka, mawu awo agwirizana ndi nyama, ndipo apambana. Ndinameza movutika. Ndinakweza dzanja pang'onopang'ono, n'kukanda khosi. Ndinakanda kawiri kuti asakayike.

Bambo anaona. Nsidze zawo zinagwedezeka pang'ono, modabwa, n'kuyang'ana chikhatho chawo ngati chawanamiza. Kenako anatenga chidutswa chawo, anatafuna, anatseka maso.

"Mchere wachuluka," analengeza. "Wachuluka kwambiri. Tigaye nyama ina tiwonjezere."

Achimwene anatenga chotsalacho. Anatafuna nthawi yaitali. Nkhope yawo inasintha, koma osati monga ndinkayembekezera. Inafewa, n'kugwa.

"Bambo," anatero motsitsa, "soseji iyi ili bwino. Ndi yomwe ija ya masiku onse. Ndi imene Amayi ankatiikira m'buledi popita kusukulu."

Mafuta okha ndi amene ankathetheka m'chiwaya.

"Ayi!" ndinafuula. "Achimwene, lawaninso. Ikuwawa mchere!"

Anatapa ina m'beseni, anakazinga okha, analawa. Anatsegula chitseko n'kuitana kasitomala woyamba amene anali pa kauntala, dalaivala wa basi amene amagula kwathu sabata iliyonse. Dalaivalayo anatafuna, ananyambita chala.

"Akulu abwerera m'fomu," anatero. "Mundisungire makilo awiri."

Chitseko chitatsekedwanso, zonse zinandionekera poyera. Karoti wotsekemera. Buledi woluma. Sichinali chikondi ayi. Miyezi isanu ya chakudya cha mchere wochepa inali itandisinthira lilime. Linabwerera ngati la khanda, ndipo muyezo wa butchala yathu silinkaudziwanso. Ndinaswa lumbiro langa losadya nyama kuti ndiwapulumutse, ndipo ndi kulawa komweko kumene kunawagwetsa. Ndikanatafuna mpweya monga masiku onse, akanapambana.

Bambo sanandiyang'ane. Anapukuta manja pa epuloni, chala chimodzichimodzi. Kenako anapisa m'thumba, n'kutulutsa makiyi. Analira ngwee pa tebulo lachitsulo.

"Pangano ndi pangano."

"Bambo, dikirani." Ndinatembenukira kwa achimwene. "Achimwene, musawatenge. Wolakwa ndine."

"Iwe khala chete, izi n'za akulu."

"Ine sindidya nyama."

Onse awiri anatembenuka.

"Miyezi isanu tsopano. Nyama, mazira, mkaka, zonse ndinasiya. Bipi yanga inakwera ngati ya Amayi, ndinapita kuchipatala osakuuzani. Loweruka lililonse ndimanamizira kulawa, nyamayo ndimaponya umu." Ndinatembenuza thumba la epuloni. Linali ndi banga lalikulu la mafuta limene sopo analephera kuchotsa. "Sabata yatha sindinali ndi chimfine, Bambo. Sindinalawe. Lero ndalawa, koma lilime langa linasintha, chilichonse chikumandiwawa mchere. Ndine ndawasokoneza."

"Wawasokoneza bwanji?" Achimwene anakwinya nkhope. "Iwe sunalankhule kanthu. Bambo alawa okha, anena okha." Anaima. Maso awo anapita pakhosi panga, pamene zikhadabo zinasiya mizere iwiri. Anabwerera kwa Bambo. "Bambo, inuyo simunamve nokha?"

Apo m'pamene ndinadziwa chimene ndachita. Khoswe wa padenga waulula wa padzala. Ndinafuna pansi patseguke.

Bambo anakokera chitini cha mchere pafupi, anatapa supuni yodzaza, n'kuika yonse m'kamwa. Anatafuna akutiyang'ana, osaphethira, osakwinya ngakhale pang'ono. Tinkamva mcherewo ukulira m'mano.

"Mchenga," anatero. "Zaka ziwiri, chilichonse ndi mchenga. Nyama ndi nsanza yofunda. Tiyi ndi madzi otentha." Analavulira m'sinki, n'kutsuka m'kamwa. "Wamva tsopano, Mapepala. Lemba."

Achimwene anakhala pa kampando ngati wina wawakankha. Anavula magalasi.

"Keke ija ndinabweretsa pa tsiku lanu lobadwa, munati simunadyepo yokoma chotero."

"Inali yofewa. Zimenezo ndinamva."

"Zaka ziwiri, Bambo! Ine mwana wanu!"

"N'chifukwa chake. Mlendo akanangondiseka. Iwe ukanandikonda mpaka kundipha."

Achimwene anaphimba nkhope ndi manja. Makiyi anali pomwepo pakati pathu. Ndinkawayang'ana ngati njoka yogona. Kunja wina anagogoda pa kauntala, palibe anasuntha.

Atachotsa manja kumaso, achimwene anali ndi nkhope ija imene amakhala nayo powerengera katundu wa m'sitolo.

"Iwe, wati miyezi isanu?"

"Eya."

"Osalawa ngakhale kamodzi?"

"Ngakhale kamodzi, kupatula lero."

"Ndipo Bambo samva kanthu." Anawerenga pa zala, milomo ikugwedezeka. "Ndiye kuti masabata makumi awiri ndi limodzi soseji yatuluka m'chipinda chino popanda munthu woilawa. Dzanja lokha. Ndipo yalakwika kamodzi?"

"Foni inalira," ndinatero msanga. "Anathira, anakayankha, anabwera n'kuthiranso. Ndikanaona, koma maso anga anali kwina."

"Kwina kuti?"

"Tsidya," anayankha Bambo mouma. "Lilime ndi limene linafa, maso alipo."

Nkhope yanga inatentha. Achimwene anatulutsa mpweya wautali umene unathera m'kaseko.

"Ku sitolo kwathu makina oyeza amalakwitsa kawiri pa mwezi." Anakankha makiyi ndi chala chimodzi mpaka anakagunda beseni. "Tengani. Koma pali mawu awiri. Loyamba, mchere muziyamba mwautapira m'mbale, ndi dzanja lanu lomwelo, chitini n'kutseka. M'mbale mukatha ndiye kuti mwathira, foni ilire isalire. Lachiwiri, Loweruka lililonse wolawa ndine."

"Iwe? Lilime lozolowera zakudya za m'mapaketi?"

"Ndi lomweli lakuuzani kuti soseji yanu ili bwino."

Bambo anayang'ana makiyiwo, kenako mwana wawo. Anawatola, n'kuwabweza m'thumba.

"Uzibwera wopanda taye. Ingagwere m'chigayo."

Kwa ine sananene kanthu. M'mawa wonse tinagwira ntchito phewa ndi phewa, iwo akuthira nyama m'matumbo, ine ndikupota ndi kumanga. Akafuna chingwe ankaloza. Akafuna mpeni ankatambasula dzanja. Dzina lija silinatuluke pakamwa pawo ngakhale kamodzi, ndipo ndinazindikira kuti mwina silidzatulukanso. M'kamwa mwanga munali mukadali mafuta. Ndinamwa madzi makapu atatu, osachoka.

Nthawi ya nkhomaliro sindinawoloke msewu. Ndinatenga chitini changa, n'kukhala pa sitepe ya khomo lakutsogolo, poyera, pansi pa chikwangwani cha butchala. Ndinatsegula. Munali mpunga ndi mphodza, kabichi wosaphika wodula mopyapyala, karoti, mtedza wokazinga, tsabola ndi mandimu. Ndinadya.

Sitepe inalira. Bambo anakhala pambali panga, mawondo akudandaula.

"Bipiyo ili bwanji tsopano?"

"Inatsika, Bambo. Namwino akuti ili bwino."

"Pepala lake lilipo?"

"Lili kunyumba."

"Ndikalione." Anayang'ana msewu. "Amayi ako mutu unkawapweteka chaka chathunthu. Ankandibisira, ati ndingade nkhawa. Nyumba ino timakondana mobisa ngati mfiti." Anatembenukira kwa ine. "Ukanagwera kuseri kwa kauntala ija, ine ndikanaitsegulanso butchalayi?"

"Pepani, Bambo."

"Pepani sadya. Tabweretsa ndione zimene zikulanda mwana wanga."

Anatenga supuni m'dzanja langa, anasanthula m'chitinimo mokayika ngati akufufuza fupa, n'kutapa. Anatafuna kamodzi, n'kuima. Anatafunanso. Ndinamva mtedza ukuphwanyika, kabichi akulira.

"Ichi chikumveka," anatero modabwa. "Kukoma ayi. Koma chikulira m'mano. China chofewa, china cholimba, china chozizira. Ndipo pali chikundiyabwa kummero."

"Ndi tsabola."

"Zaka ziwiri ndikutafuna nsanza, iwe uli ndi wailesi m'chitini?" Anatapanso supuni yachiwiri, yachitatu. Ndinawasiya. Atafika pakati anandibwezera, n'kupukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja. Sindikudziwa ngati anachita dala.

"Nyama sindisiya, usayambe kulota. Koma mawa uphike zambiri." Analoza tsidya ndi chibwano. "Ndipo kamuuze Kabichi wakoyo kuti khosi lithyoka. Wakhala akusuzumira kuno kuyambira m'mawa, mpaka wapatsa mayi wina biringanya m'malo mwa mapeyala. Ngati ali ndi mawu, msewu si mtsinje. Awoloke."

Anaimirira, anagwira chitseko, n'kubwerera mkati momwe beseni linkawadikira kuti alitsuke. Tsidya lija, Kabichi anali atayamba kale kuvula epuloni yake.